Bambo Anga Ndinawapeza pa Chitini Chachiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinathawa pakhomo pa bambo anga chifukwa cha mawu angawa. Amene timapemphera nawo kuno ku Indianapolis akudziwa kuti ndikaima kutsogolo kuyambitsa nyimbo, chimkuzamawu amachipereka kwa ena. Mawu amenewa sindinawagule, ndinabadwa nawo, ndipo manyazi sindichita nawo. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndiye izi ndikuyankhula ndine, akulemba ndi mwana wanga Esnati, ndipo ndamuuza kuti asakometse kanthu.

Nkhani yothawa pakhomoyi ndinali nditaikwirira kalekale. Anadzaifukula ndi anthu a ku Koreya a pa kanema.

M'nyengo yozizira yapitayi ndinakakhala kwa mwana wanga wamwamuna ku South Bend. Iye amagwira ntchito kuchipatala cha m'tauni, amalawira m'mawa, ndiye masana tinkatsala m'nyumba ine ndi akazi ake, apongozi anga, amene anali ndi khanda. Kunja chipale chofewa chinali chofika m'maondo. Kwathu munthu ndi mpongozi wake sapanikizana chipinda chimodzi, koma kuzizira kwa kuno sikudziwa mwambo. Ndinkakhala pampando wa pakona, iwo pa sofa, akuonera sewero lawo la Chikoreya. Masiku oyamba ndinkanamizira kuyang'ana pazenera. Kenako khosi linatopa n'kunama.

M'seweromo munali mnyamata wamtali, wa nkhope yosalala ngati sanametepo ndevu, ndi mtsikana wophika m'kalesitilanti ka mayi ake. Chikoreya sindimva, ndipo timalemba ta Chingerezi timene timadutsa m'munsi timathamanga kuposa maso anga. Koma nkhope ya munthu ndimawerenga, pamenepo palibe wandiposa. Mnyamatayo anali munthu wabwino. Ankatsuka mbale, ankavula jekete kumufunditsa mtsikanayo, ndipo tsiku lina mtsikanayo atabinya phazi anamubereka kumsana msewu wonse. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti nthawi ndi nthawi ankaima padzuwa n'kumayang'anitsitsa chithunzithunzi chake pansi, misozi ili m'maso.

"Apongozi, kodi munthuyu chithunzithunzi chake chamulakwira chiyani?"

"Si munthu ngati ife, bambo. Wakhala zaka mazanamazana osakalamba. Kale analibe chithunzithunzi."

"Nanga chachokera kuti?"

"Nkhani yake ndi yaitali, bambo."

Khanda linalira, nkhani yaitaliyo inathera pomwepo. Zikafika poti awiriwo ayandikizane milomo, ine ndinkatsokomola n'kupita kukhitchini kukamwa madzi. Sindinamwepo madzi ambiri chonchija m'moyo wanga.

Chipale chitasungunuka, Esnati anadzanditenga kubwerera kwathu ku Beech Grove, m'mbali mwa Indianapolis. Tsiku lina masana mdzukulu wanga Tamanda, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anabwera kusukulu, kuponya chikwama pansi, kuyatsa kanema. Kuyang'ana chonchi, ndi mnyamata wanga yemwe uja. Koma anali atasanduka chilombo. Mtsikana wophika uja anamuikira mbale ya chakudya, iye anaikankhira pansi. Anamuyankhula mawu ena ake okhadzula, n'kumusiya ataima pamvula. Dzuwa litawala ndinayang'ana pansi pa mapazi ake, panalibe kanthu.

"Wamulodza ndani mnyamatayu? Ku South Bend ndinamusiya ali bwinobwino."

Tamanda anaseka mpaka kugwera pa kapeti. Anandiyankha m'Chingerezi monga amachitira ana a kuno, ataona kuti sindikugwedeza mutu anayesa Chichewa chake chopindika. "Agogo, uku ndi koyamba. Inu munayamba kumapeto."

Tamanda mnyamatayo sankamufuna n'komwe. Ankati ndi wankhanza basi, ndipo mtsikanayo ndi wopusa pomuphikiranso. Ndinamuuza kuti adekhe, munthu yemweyu adzamubereka kumsana. Anatseka makutu ndi manja onse awiri. "Agogo, mukundisipoyilira." Kuyambira tsiku limenelo takhala tikuonera limodzi, koma ngati tikuonera masewero awiri. Pamene mbale inagwa, iye anaona nkhanza. Ine ndinaona kuti atatuluka panja dzanja lake linkanjenjemera, mpaka analibisa m'thumba. Iye ankafunsa kuti munthuyu adzalangidwa liti. Ine funso langa linali lina: chinamuluma n'chiyani? Ndipo nditadzimva ndikufunsa choncho, ndinakumbukira a Jailosi ndi zitini zawo.

Ndinakulira m'malaini a antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Bambo anapita kumigodi ku Joni ine ndili m'mimba, ndipo anabwerako ndili kale mnyamata wodziwa kugwetsa njiwa ndi legeni. Zaka zonsezo mayi ankandiuza kuti bambo ako ndi munthu wanthabwala, akagwira bangwe anthu amasiya makasu. Amene anatsika basi anali munthu wowonda, wa maso olowa, wosaseka. Bangwe lija mayi analisunga padenga, iwo sanaliyang'ane n'komwe. Kwa mayi ndi kwa anthu ena ankangokhala chete. Koma ine ndikangotsegula pakamwa, nkhope yawo inkasintha.

"Tseka pakamwa."

Amenewo ndiwo anali moni wanga wa m'mawa ndi madzulo. Ndikamayankhula nawo pafupi, maso ndi maso, zinkakhalako bwino. Choopsa chinali kuitana munthu ndili patali kapena kuseri kwa nyumba. Pamenepo chilichonse chimene chinali m'manja mwawo chinkauluka. Tsiku lina m'mawa ndili kuseri kwa bafa ndinaitana mayi kuti mbuzi ya eni ikudya ndiwo m'dimba. Bambo anatuluka ndi lamba, ndipo anandikwapula ngati ndaba. Nditadzuka pansi ndinatenga malaya anga enawo n'kuuyamba ulendo wokwera kumtunda.

Kumtundako kunali holo ya esiteti, ndipo woyang'anira anali a Jailosi. Lamlungu lililonse masana ankaonetsa kanema. Mafilimu ankabwera pa lole kuchokera ku Limbe, m'zitini zafulati zozungulira ngati lichero, filimu imodzi zitini ziwiri kapena zitatu. Mazenera ankawatchinga ndi ziguduli, injini inkalira panja. A Jailosi nawonso anagwirapo kumigodi, ndipo anatolako Chingerezi chokwanira kutsata nkhani. Vuto linali chifuwa. Fumbi la pansi linawadya, mawu awo anatsala ngati tsamba louma likukwekwereka, moti ofotokozera anthu zimene azungu a m'filimu akunena panalibe.

Anandipeza nditakhala pamasitepe a holo, msana uli mikwingwirima.

"Iwe ndiwe umadzutsa malaini onse uja?"

"Ndine."

"Wadya?"

Umo ndimo ndinapezera ntchito yanga yoyamba. Ndinkagona m'kachipinda kosungira mabenchi. Lamlungu ndinkakwera pa bokosi la tiyi pambali pa makina, iwo ankandinong'oneza m'khutu, ine n'kumaponya mawuwo mpaka kubenchi yomaliza. Ndikuuzeni, ngakhale okolola tiyi kutsidya kwa khwawa ankatsata filimu osalowa m'holo. Lamlungu loyamba ndinayamba kuwonjezera zanga: wakwera hatchi, watsika, watsegula chitseko. A Jailosi ananditsina ntchafu.

"Maso ali nawo. Usamawauze kuti munthu akuthamanga. Uziwauza chimene akuthamangira."

Mayi ankabwera mozemba ndi mbatata yootcha m'chitenje, kundipempha kuti ndibwerere. Ndinawauza kuti pakhomo pamene pali munthu amene uja ine sindipondaponso. Ndinali nditapangana kale ndi dalaivala wa lole. Anati ku Limbe mnyamata wa mawu ngati anga sagona ndi njala, pamalo okwerera basi amafuna oitanira anthu. Tinagwirizana kuti Lolemba akadzabwera kudzatenga zitini, ndikwera. Mayi atamva anangokhala pansi pamasitepe paja n'kuphimba nkhope. Ankadziwa kuti ana opita ku Limbe mwa njira imeneyo sabwerera.

Lamlungu lake kunabwera filimu ya akaubhoyi, zitini ziwiri. Holo inadzaza, fungo la thukuta, fodya ndi mafuta otentha a makina. Tinayamba. Panali mwamuna wa chipsera patsaya, ankakhala pafamu ya mayi wina wamasiye. Ankakonza mpanda, ankaphunzitsa kamwana ka mayiyo kukwera hatchi, ndipo mfuti yake anaikumbira dzenje n'kuikwirira. Adani atabwera anawaimirira chimanjamanja. Anthu m'holo anamukonda, amayi ankaimba nthungululu. Zinangotidabwitsa kuti chitini choyamba chikutha ndi nyimbo yaikulu, ngati nkhani yatha.

A Jailosi anaika chitini chachiwiri. Panabwera nyimbo ina ndi zilembo zikuluzikulu, kenako mwamuna wa chipsera yemwe uja akuba ng'ombe. Anamenya nkhalamba ndi chigunkha cha mfuti, anayatsa nyumba ya eni. Holo inayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Jailosi, wamwa kachasu wa kwa ndani lero?"

Mpweya wa a Jailosi unandifika m'khutu. "Zivundikiro zinasinthana. Tayamba ndi chomaliza. Usatsike pabokosipo."

"Ndinene chiyani?"

Anatseka maso kanthawi, makina akulira. "Uwauze kuti kumene munthuyu akupita takuona. Tsopano tione kumene wachokera."

Ndinakoka mpweya n'kuponya mawu amenewo. Holo inati zii. Ndipo chimene ndinaona pambuyo pake sindinachionepo Lamlungu lina lililonse. Nthawi zonse munthu woipa wa m'filimu anthu ankamutukwana, ena ankagenda nsalu ya kanema ndi zitsononkho. Tsiku limenelo palibe anatukwana. Mwamuna uja akukweza dzanja kuti amenye, ndinamva mayi wina kutsogolo akuti, "Ayi, mwanangu, usatero," ngati akuyankhula ndi wobala yekha. Aliyense ankayang'anitsitsa nkhope yake, kufunafuna pamene pabisala munthu wokonza mpanda uja. A Jailosi anandinong'oneza kuti azichimwene ake anaphedwa iye ali mwana, ndipo nditanena zimenezo ndinamva anthu akupuma limodzi ngati ng'ombe m'khola.

Anthu atatuluka tinachotsa ziguduli m'mazenera, dzuwa la madzulo linalowa ndi fumbi lake. A Jailosi ankakulunga filimu ndi dzanja, ine ndikusanja mabenchi. Ndinawauza kuti tikanaika zitini bwinobwino, munthu uja akanamulavulira.

"Munthu ndi yemweyo," anatero. "Zimatengera chitini chimene wamupezerapo." Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Ndamva kuti mawa ukwera lole."

Ndinapitiriza kusanja mabenchi.

"Kwera, miyendo ndi yako. Koma bambo ako unawapeza pa chitini chachiwiri."

"Choyamba inu munachiona?"

"Ndinachiona. Tinakwera sitima imodzi, anatiseketsa njira yonse. Ndi chimene chinadula filimu pakati ndinachiona."

"Ndiuzenitu."

"Si changa choti ndionetse. Mwini wake alipo, ali kumalaini uko."

Ndinawakakamiza, ndinawalonjeza kuti ndisesa holo mwezi wathunthu, koma a Jailosi akatseka pakamwa ankatsekadi. Anandisiya ndi funso likundiyabwa ngati chitedze.

Lolemba lole inabwera. Ndinakweza zitini ndekha, dalaivala anatsegula chitseko nati kwera. Phazi limodzi linali kale pachitsulo chokwerera. Ndisaname, sichinali chikondi chimene chinanditsitsa. Msana unali usanapole, ndipo mtima unali wowawabe. Ndinkangofuna kudziwa. Ndinaganiza kuti ndikapita ku Limbe, ndidzakalamba ndi filimu ya theka m'mutu. Ndinauza dalaivala kuti apite, anandiseka kuti ndine mwana wa amayi, lole inanyamuka.

Ndinadikira kuti anthu aweruke. Bambo ndinawapeza pakhonde akunola mpeni wodulira tiyi. Ndinanjuta patali pang'ono, pamene lamba sakanafika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayankhula motsitsa.

"Bambo, ku Joni kunachitika chiyani?"

Mpeni unapitiriza kulira pamwala. Mayi anali pakhomo la khitchini, anaima ndi chipande m'manja.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

Ananola mbali ina, kuyesa ndi chala, kunolanso. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Kenako anati, osandiyang'ana, "Mng'ono wanga Layitoni unamumvapo?"

Ndinkangodziwa kuti ndinali ndi bambo aang'ono amene anamwalira kunja. Dzina lawo pakhomo pathu silinkatchulidwa.

"Ndinamutenga ndine. Mayi athu anakana, ine ndinati ndikamuyang'anira." Anaika mpeni pansi. "Mwala unagwa pakati pathu, iye mbali iyo, ine mbali ino. Sanafe pomwepo. Ankandiitana. Mawu ake ankaboola mwala, aliyense ankamva. Tinakumba ndi mafosholo, tinakumba ndi manja, iye akuitanabe dzina langa. Kenako anasiya."

Nkhuku zinkalowa m'khola.

"Anali ndi mawu ngati akowa. Ukamayankhula ndikukuona, ndimadziwa kuti ndiwe. Koma ukaitana uli kuseri kwa khoma..." Anatola mpeni uja n'kuuyang'ana. "Kasambe udye."

Ndinagona pakhomo tsiku limenelo, ndipo sindinachokenso. Musaganize kuti kutacha ndinapeza munthu wina. Lamba sanandikwapulenso naye, koma "tseka pakamwa" uja sanathe. Ine ndinaphunzira kuzungulira nyumba kaye ndisanaitane munthu, kuti andione. Ntchito ya kuholo ndinapitiriza, iwo sanailetse ndipo sanaitchulepo. Mvula inagwa, inatha, tiyi anadulidwa n'kuphukanso.

Lamlungu lina ndili pabokosi langa, filimu ili pakati, chitseko chakumbuyo chinatseguka pang'ono, kuwala kunalowa. Panaima munthu wowonda, chipewa chili m'manja. Sanakhale pansi ngakhale malo analipo. Ndinangoyang'ana kuchitseko mpaka a Jailosi ananditsina. Ndinapitiriza, ndikudziwa kuti mumdima umenewo bambo sakundiona nkhope, akungomva mawu okha, mawu a Layitoni, akugunda makoma. Ndinkayembekezera kuti chitseko chitsegukanso atuluke. Anaima pomwepo mpaka filimu inatha.

Pobwerera kumalaini iwo anali kutsogolo, ine kumbuyo, m'kanjira ka pakati pa tiyi. Tili pafupi kufika anayankhula osatembenuka.

"Pamene mayi wa m'filimu uja amalira paja unakuwa kwambiri. Polira munthu umatsitsa mawu."

"Ndamva, bambo."

Zinali zokhazo. Koma mlungu wotsatira anabweranso.

Sewero la Chikoreya lija ine ndi Tamanda tafika nalo pakati. Chithunzithunzi cha mnyamata uja chayamba kumera, kakang'ono ngati mbale pansi pa mapazi ake. Chinayamba tsiku limene anabwerera yekha kulesitilanti kukatola zidutswa za mbale ina imene anaswa, mtsikanayo asakuona. Tamanda anati zimenezo n'zochepa, sanapepese n'komwe. Ndinamuuza kuti ayang'ane mmene akugwirira zidutswazo. Chimene chinamuluma sanationetsebe. Timangoona nthawi zina mlatho wakale ndi munthu wovala zoyera ataima pamenepo, ndiye mnyamatayo amadzidzimuka. Tamanda anafufuza kale pafoni yake ndipo zikumuyabwa kuti andiuze, pofuna kubwezera zija ndinamuululira za kumsana. Ndamukaniza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chiyambi ndi mapeto a munthu angathe kukuuza aliyense, koma pamene akukhotera umafunika kukhalapo wekha.

Chimene ndikudziwa tsopano, ndili wamkulu kuposa mmene bambo anafikira, n'chakuti kudziwa chimene chinaluma munthu sikufafaniza mikwingwirima. Anandimenya popanda mlandu, ndipo zimenezo sizisintha. Koma funso limodzi lofunsidwa motsitsa linandipatsa bambo amene ndikanamusiya ndisanamudziwe. Anthu a ku Koreya ali ndi mwayi, munthu wawo akamasintha amamuikira nyimbo ndi chithunzithunzi choti aliyense aone. Kwa ife zimabwera mwakachetechete, moti ukaphethira zakudutsa. Bambo anga sanabwerere kukhala munthu wa bangwe amene mayi ankamudikira. Anangofika pachitseko cha holo n'kuima. Koma kuchokera pansi pa mgodi uja kufika pachitseko chimenecho, unali ulendo wautali kuposa umene ndinayenda ine kubwera kuno ku Amereka.